Mmene Tidaphwetsera Mimba ya Mgolo

Kuno ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, ndikanena kuti ndidagwirapo ntchito yothamangitsa kavalo, achinyamata amayang'anana n'kumwetulira. Akuona mdala wa mimba yake, wokoka mwendo, amene akamakwera kamtunda kopita kumunda wa mbatatesi amapuma kawiri. Sindiwatsutsa. Ngakhale achimwene anga, amene ndidawasiya ali munthu wanthabwala koma pobwerako ndidawapeza atasanduka mkulu wa mpingo wosaonetsa mano, adandiuza kuti nkhani za akavalo ndizikakamba kumowa. Ine ndimakamba paliponse, chifukwa pa zaka zonse zimene ndidakhala kunja, chaka cha kavalo uja ndicho ndidaseka kwambiri.

Tidachoka kuno nkhondo itafika pakhomo. Anthu amfuti ankabwera awa lero, awo mawa, onse ofuna ufa, mbuzi ndi anyamata owasenzera katundu. Atatenga ng'ombe zathu ziwiri zapangolo ndidadziwa kuti wotsatira ndine. Ine ndi mkazi wanga Rozalina tidawolokera mbali ya Malawi, ku Ntcheu, kumene anthu akwathu adali atamanga kale misasa. Rozalina adali ndi pakati. Chakudya cholandira chidalipo, koma kuima pamzere ndi kathumba m'manja, manja omwe adazolowera khasu, kudandidwalitsa mtima. Ndidamusiya ndi amayi ake, ndidakwera pamwamba pa lole ya katundu, ndipo nditasinthasintha malole ndidakapezeka ku Zimbabwe, pa famu ina ya fodya kufupi ndi Marondera.

Ife olembedwa panyengo ya fodya tinkagona m'chinyumba chachitali cha malata, amuna okhaokha ndi nsikidzi zathu. Mkazi sankaloledwa kupondamo. Nyumba zenizeni zapakomboni zidali za antchito okhazikika, ndipo kuti munthu wothawa nkhondo akhazikike padafunika mwayi. Kumeneko ndi kumene ndidakumana ndi a Fausitino, bambo wa ku Chidzolomondo, ku Makanga, amene adabwera kale nkhondo isanayambe ndipo ankayendetsa ngolo ya ng'ombe yotuta nkhuni zowotchera fodya. Adandigwira ndi pakamwa. Wina adandipatsa madzi, ine n'kuthokoza mwa kwathu kuti obrigadu, iwo n'kutembenuka.

"Iwe ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Tsangano, bambo."

"Amayi ako ndi ayani?"

"A Naphiri."

"Prontu, basi, mfunda wathu ndi umodzi. Ndine tsibweni wako. Usadzandiitanenso kuti bambo."

Chibale chathu chidayamba pomwepo, ndipo sichidathe. Ndiwo adandipezera dalaivala wina wa lole za ku Malawi amene ankandinyamulira bulangete, sopo ndi nsalu kupita kwa Rozalina. Dalaivala yemweyo ndiye adabwera ndi uthenga woti kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Tereza. Ndidavina pabwalo la fodya anthu akuombera m'manja. Kenako ndidakhala pansi, chifukwa ndidakumbukira kuti ndilibe denga loti ndiwaitanire.

Kavalo ndidakumana naye m'munda wa chimanga. Adali atathyola mpanda, ali kudya mondokwa mosatekeseka, anthu atamuzungulira patali akumuponya zibuma. Adali wofiirira, wa chipumi choyera, mimba yake ngati ya ng'ombe ya bere. Dzina lake lachizungu palibe ankalitha, aliyense ankangoti Mgolo. Ine kavalo ndidali ndisanamugwirepo, koma ndidaganiza kuti chiweto n'chiweto. Ndidatenga chingwe, ndidamuyandikira cham'mbali ndikumulankhula mmene ndinkalankhulira ng'ombe zathu, ndipo adandilola kumumanga. Ndikhulupirira kuti adali atangokhuta.

Amene adaona zimenezi ali pakhonde ndi a Dona, mayi wa mwini famu. Adali mzungu wachikulire, wamasiye, ndipo chimwalirire amuna awo sadakwerenso kavalo. Ankangokhala pampando n'kumayang'ana msewu. Chinyanja adaphunzira ali mwana kwa wophika wa makolo awo, choncho ankalankhula ngati mwana, aliyense kumutchula iwe, ngakhale a Fausitino ndi imvi zawo. Mwana wawo, mwini famuyo, tinkamutcha bwana Changu, chifukwa ndi mawu okhawo achinyanja amene ankawadziwa bwino.

Mawa lake a Dona adandiitanitsa n'kundifotokozera nkhani yonse. Bwana Changu ankafuna khola la kavalo lisanduke mosungira feteleza, ndipo Mgolo agulitsidwe kwa anthu oweta ng'ona akakhale ndiwo. A Dona adakana. Atakangana mokwanira adapangana chinthu. Mvula ikatha, alimi a dera limenelo ankachita mpikisano wa akavalo wodutsa m'tchire, kulumpha zipika, maenje ndi kuwoloka madzi. Padali gulu la ongoyamba ndi okalamba, la zolumpha zosapitirira m'ntchafu. A Dona akakwera Mgolo n'kumaliza njira yonse, kavalo akhala. Akalephera, ng'ona zikondwa.

Adanditengera kuseri kwa khola n'kundilozera kanyumba ka njerwa ka zipinda ziwiri, kokhoma ndi loko. Kadali ka wosamalira akavalo wakale. Pakhomo padali mtengo wa pichesi, wofanana ndi ya kwathu kuno.

"Kavalo akhala, iwe ukhala," adatero. "Nyumba iyo yako. Mkazi abwera. Kavalo apita, iwe ubwerera ku fodya."

Ndidasuzumira pawindo. Mudali akangaude ndi chitini chakale cha penti, koma ine ndidaona pomwe Rozalina adzayale mphasa. Nditacheuka n'kuyang'ana Mgolo, ali kuwodzera mlomo uli lende, mtima udandigwa.

Ntchito yoyamba idali kumumana chakudya, ndipo idandipweteka kuposa iye. Munthu wochokera ku njala kumuuza kuti atsekere chiweto kutali ndi msipu wobiriwira n'kumachipatsa udzu wouma woyeza, n'kumuyesa. Kwathu ng'ombe yonenepa ndi ulemu wa mwini wake. A Fausitino ankaima pampanda n'kumapukusa mutu.

"Epa, azungu awa. Chiweto chosalala chonchi akuti chiwonde? Ku Chidzolomondo akadachiimbira nyimbo."

Ntchito yachiwiri idali kuyenda. Osati kuthamanga, kuyenda basi. M'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe ndinkamukoka ndi chingwe mu msewu wouma wa mathirakitala, kupita kumalire a famu n'kubwerera, tsiku lililonse kuwonjezerako pang'ono. A Dona adati mtima ndi mapapo a kavalo zimalimba msanga, koma mitsempha ya m'miyendo imachedwa, ndipo ukaifulumiza imaduka, nkhani n'kuthera pomwepo. Adandiphunzitsa kuti ndisanachite china chilichonse m'mawa ndizitsitsa dzanja m'miyendo yonse inayi, kumva ngati pali potentha kapena potupa. Mpaka lero ndikagula ng'ombe ndimayamba kugwada n'kuigwira miyendo, ogulitsa n'kumaganiza kuti ndikupemphera.

Masabata adapita tikungoyenda. Anzanga a ku fodya ankandikuwiza tikamadutsa.

"Akwati awo! Mwapita kukaonekera kwa apongozi?"

Ine ndinkaseka nawo, koma mkati ndinkapsa mtima. Tsiku lililonse loyenda ngati tikuperekeza maliro lidali tsiku lina loti Rozalina agone mumsasa wodontha. Ndidadandaulira a Fausitino kuti mpikisano ndi wothamanga, nanga ife tikuphunzira kuyenda bwanji.

"Divagari, pang'onopang'ono, mwanawe," adatero. "Kuthamanga sikufika. Nkhunzi yatsopano umaiyamba ndi ngolo yodzaza?"

Kenako idafika nthawi yoti ndimukwere, chifukwa a Dona adati msana wa kavalo uyenera kuzolowera katundu, ndipo ine ndidali wopepuka ngati phesi. Za kuphunzira kwanga kukwera ndisakambe zambiri. Ndidagwera mu fodya, ndidagwera mu ngalande, ndipo tsiku lina ndidagwa kavalo ataima. Mgolo ankangotembenuza khosi n'kundiyang'ana pansipo ngati akufunsa kuti ndataya chiyani. Kwa sabata yathunthu ndinkadya choimirira. Koma matako amaphunzira, ndipo tsiku lina ndidangozindikira kuti tikuyenda limodzi, iye ndi ine, osalimbana.

Tidayamba kam'thamango kakang'ono kodumphitsa munthu pachishalo, pang'ono, kenako kuyenda, kenako pang'ono kenanso. Masiku oyamba Mgolo ankatuluka thukuta loyera, la thovu ngati sopo, lonunkha, ndipo tikaima nthiti zake zinkakwera ndi kutsika mpaka ine kutopa kuziyang'ana. A Dona adati ndiziyang'ana zomwezo, thukuta ndi nthiti. Kavalo akamalimba thukuta limasanduka madzi, ndipo mpweya umabwerera msanga akaima. Liwiro si nkhani, adatero, nkhani ndi kubwerera kwa mpweya.

Kuseri kwa damu kudali phiri la miyala ndi mitengo ya misuku. Limenelo ndilo lidatigwirira ntchito. Tinkakwera choyenda, pambuyo pake chothamanga pang'ono, potsika nthawi zonse choyenda kuti maondo asavulale. Ine mwana wa ku Tsangano, phiri silindiopsa, tidakula tikusenza matumba a mbatatesi m'zitunda. Koma Mgolo ankalida. Akangoona kuti takhotera njira ya kuphiri ankayamba kutsimphina, mwendo womwe m'mawa udali wozizira bwinobwino. Tikatembenukira kukhola kutsimphina kunkatha. Ndidamuuza kuti bodza lotere ndidaliyesa kale kwa akapitawo a fodya ndipo silidagwire.

Kamodzi kokha adatsimphina zoona. Ndidapeza mwendo wakutsogolo ukutentha pansi pa bondo. Tidasiya zonse. Ndinkamuimika mumtsinje wozizira m'mawa ndi madzulo, ine nditakhala pamwala, ndikuwerengera m'mutu masiku omwe akutayika. Kutentha kutachoka tidayambiranso poyenda, ngati sitidathamangepo. Ndidalira ndi mkwiyo tsiku limenelo, koma ndidamvera.

Mvula ikupita kumapeto, Mgolo adasintha. Mimba idaphwa n'kukwera m'mwamba, matako adaumbika, ubweya udayamba kuwala. Tidafika pa liwiro lenileni, m'mphepete mwa munda wofewa, kuthamanga, kupuma, kuthamanganso. Tsiku loyamba kumulekerera, mphepo idandilanda chipewa ndipo ndidamva ndikukuwa ndekha ngati mwana. Chichokere kwathu ndidali nditathamanga kambiri, koma nthawi zonse pothawa. Uku kudali kuthamanga kopanda wondithamangitsa, ndipo kudandikomera kwambiri.

Ndiye padatuluka vuto limene palibe adaliganizira. A Dona adayamba kukwera okha kuti akumbukire zolumpha. Kukwera ankadziwa, manja awo adali ofewa, Mgolo ankawamvera kuposa ine. Koma atangozungulira munda kamodzi adabwerera nkhope ili psuu, akupuma ngati mvukuto, miyendo ikunjenjemera potsika. Kavalo adali asanatuluke ndi thukuta lomwe. Ndidayang'ana nthiti za Mgolo, ndidayang'ana za a Dona, ndipo ndidaona kuti takonza ngolo koma woyendetsa ndiye wadwala.

Nanga wantchito angauze bwanji mayi wamkulu, mayi wa bwana wake, kuti inuyo ndi amene mwalemera thupi? Kwathu ngakhale mpongozi ali ndi chimine sumuuza pamaso. Ndidapita nayo nkhaniyi kwa atsibweni. Adafwenkha fodya wawo, adayetsemula, n'kuti zimenezi ndi zofunika nkhoswe. Mawa lake adavula chipewa pamaso pa a Dona, nkhope ili duu ngati ali kubwalo la milandu.

"Sinyora, kwathu ku Makanga kuli mwambo. Chiweto sichinyamula munthu pa tsiku lalikulu ngati munthuyo sadayende nacho pansi. Chimafuna chimve phazi lake. Mukachikoka nokha kukwera phiri lija m'mawa uliwonse, chidzakudziwani."

"Mwambo wa akavalo?" adafunsa a Dona. "Ku Makanga kuli akavalo?"

"Wa ng'ombe, sinyora. Koma miyendo ndi inayi yomweyo."

A Dona adatiyang'ana, ine ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi. Kenako adapita m'nyumba n'kutuluka atavala nsapato za amuna awo.

Kuyambira tsiku limenelo phiri tinkakwera atatu. Masiku oyamba ankaima pamsuku uliwonse, akunamizira kuyang'ana mbalame. Ine ndinkayang'ananso mbalamezo mwaulemu. Pang'onopang'ono ndi mtolo: misuku yopumira idayamba kuchepa, ndipo adayamba kulankhula pokwera. Ankandifunsa za kwathu, za mapichesi, za kuzizira kwa mwezi wa Juni, za Rozalina. Iwo ankakamba za amuna awo. Tsiku lomwe tidafika pamwamba osaima, adakhala pamwala, adapukuta nkhope, n'kundiuza osandiyang'ana:

"Uza mdala uja mwambo wake wabodza wagwira."

Chotsala chidali madzi. Mgolo ankalumpha zipika ndi maenje mosavuta, koma madzi oti sakuona pansi pake ankawaopa. Kumtsinje kuja ankalowa chifukwa mchenga unkaoneka. Padamu ankaima chiriri, makutu ali njo. Amene adatithandiza ndi a Fausitino. Madzulo akamamwetsa ng'ombe zawo ankalowa m'madzi mpaka m'maondo akuimba kaluzu kawo, ng'ombe n'kumawatsata, ndipo tsiku lina Mgolo adangotsatira nawo. Tidabwereza mpaka adayamba kulowa yekha ndi a Dona pamsana. Tidati zatheka.

Mpikisano udachitikira pa famu ina, Loweruka. Ine ndidapita ndi kavalo pa lole, a Fausitino adapempha kuti akwere nawo. Adavala kazako wawo wa ku tchalitchi, jekete lakuda lomwe ankalisunga m'sutukesi ndi mankhwala a njenjete. M'njira ndidawafotokozera lamulo limene a Dona adandiuza kangapo: wokwera akangoyamba, palibe womuthandiza. Osagwira kavalo, osamukuwira, osamulozera njira. Wothandizidwa amachotsedwa.

"Lamulo lotani limenelo?" adafunsa.

"La eni ake, atsibweni."

"Chabwino. Ndamva."

Kudali akavalo okongola kumeneko, aatali, owonda m'mimba, okwera ake atsikana ndi anyamata a nsapato zonyezimira. Mgolo pakati pawo adali ngati mlimi paukwati wa m'tauni, koma sadachite manyazi. Bwana Changu adabwera ndi mkazi wake, adaima pafupi ndi galimoto manja m'thumba. Ndidaona kuti sadali wokwiya, adali ndi mantha. Apo ndidazindikira kuti nkhani ya feteleza idali chophimba, munthuyo ankaopa kuti amayi ake adzathyoka khosi.

Ine ndi atsibweni tidakaima pamadzi, kuseri kwa chingwe chotchinga oonerera. Padali dziwe lokumba, la madzi akuda, mbendera yofiira uku, yoyera uku, ndi mzungu wina wa chipewa chachikulu atakhala pampando kuyang'anira. Kuchokera pamenepo tinkaona mbali yaikulu ya njira. A Dona adanyamuka. Chipika choyamba, adadutsa. Mpanda wa udzu, adadutsa. Adalowa m'mitengo, adatulukira kumtunda, Mgolo akukwera ngati pamalo athyathyathya, makutu kutsogolo. Akavalo ena pamtunda umenewo ankafika atatha. Ndidamva a Fausitino akung'ung'udza kuti phiri lathu lija lalipira.

Adatsetsereka kubwera kwa ife. Mgolo adaona madzi akuda, mbendera zikukupiza, anthu ali mbuu, ndipo adaima nji, a Dona kutsala pang'ono kudutsa pakati pa makutu ake. Adamutembenuza, adabweranso. Adaimanso. Ndidadziwa kuti akakana kachitatu zatha. Manja ndidawapanira m'khwapa kuti asachite zawo.

Nditayang'ana kumbali, atsibweni padalibe. Adali atadutsa kale pansi pa chingwe. Adalowa m'dziwe ndi kazako wawo wa ku tchalitchi, nsapato zomwe, mpaka pakati, adatembenuka n'kuimba kaluzu ka ng'ombe zawo. Mgolo adatukula mutu, adawazindikira, ndipo adalowa m'madzi mokondwa ngati waona mbale wake kumsika. Adawadutsa n'kuwathira matope kuyambira kumutu, adatulukira kutsidya. Mzungu wa chipewa adaimirira akukupiza manja. A Dona adamukuwira mawu ena achizungu, akuseka, n'kupitirira. Pa gulu la okalamba ankalola wochotsedwa kumaliza njira ngati afuna, koma dzina lake silinkawerengedwa.

Ndidawakokera kunja a Fausitino.

"Atsibweni, mwandiphera nyumba. Si ndidakuuzani?"

"Udandiuza."

"Nanga bwanji?"

"Mwanawe, ngolo ikatitimira pamaso pako umayamba wafunsa lamulo? Miyendo yapita yokha."

Ndidafuna kuwakalipira, koma matope adali kutsika m'ndevu zawo, ndipo m'thumba la kazako mudatuluka kachule. Ndidaseka misozi ikutuluka, osadziwa kuti misoziyo ndi ya chiyani. Tidathamanga kudutsa m'tchire kupita komalizira.

Tidapeza a Dona atafika kale. Adalumpha zonse zotsala. Ndidamasula lamba wa chishalo, ndidamuthira madzi Mgolo n'kuyamba kumuyendetsa, maso anga ali panthiti mwa chizolowezi. Thukuta lidali madzi okhaokha. Tisanazungulire kawiri mpweya udali utabwerera, ndipo adayamba kundikoka kuti akadye udzu. Ntchito yathu idali yabwino, zimenezo palibe akadatilanda. Koma pa bolodi, pafupi ndi dzina la a Dona, adali atalembapo kuti achotsedwa.

Bwana Changu adafika mochedwa. Ataona amayi ake akukanika pamadzi adayamba kuthamanga wapansi kutsatira kavalo, ndipo adathamanga njira yonse yotsala. Adafika atagwira m'maondo, nkhope ngati phwetekere, mawu osatuluka. A Dona adatsika pakavalo okha, adaima mowongoka, n'kumupatsa mwana wawo botolo la madzi. Adalankhula chizungu, koma wophika wawo amene adabwera ndi zakudya adatimasulira pambuyo pake.

"Tidapangana kuti ndimalize. Ndamaliza."

"Akuchotsani, amayi."

"Tidapangana kuti ndimalize."

Bwana adayang'ana amayi ake, tsitsi lili nyankhalala, matope m'masaya, akuseka mmene sadasekerepo chimwalirire amuna awo. Adayang'ana a Fausitino, amene adali atavula chipewa, madzi akudontha m'kazako. Ine ndidagwira chingwe cha kavalo ndi manja onse awiri. Mpweya utamubwerera bwanayo, ndipo udachedwa kuposa wa Mgolo, adati kumaliza kotere iye sakuwerengera. Kenako adati kuli mpikisano wina nyengo yozizira ikatha, akamalize bwinobwino kumeneko, ndipo mdala uyu adzamangiriridwe pamtengo. Adatembenukira kwa ine n'kulankhula chinyanja chake chonse.

"Iwe. Kavalo. Nyumba. Changu."

Kiyi ndidalandira Lolemba. Ndidasesa, ndidazira pansi, ndidapaka laimu. A Fausitino adandipangira bedi la mitengo ya bulugamu, a Dona adapereka mapoto awiri ndi nsalu ya pawindo. Uthenga udapita ndi dalaivala uja, ndipo padapita nthawi ndithu, chifukwa ulendo wa mayi ndi mwana m'masiku amenewo sudali wamasewera. Ndinkathamangitsa kavalo m'mawa, masana n'kumayang'ana kumsewu.

Adafika tsiku lina dzuwa likupendeka, pa thirakitala yochokera kusitolo. Ndidamuzindikira ndi kayendedwe, chifukwa nkhope idali itachepa. Pamutu kamtolo kamodzi, kumbuyo mwana. Tidapatsana moni wa pamaso pa anthu, wogwirana manja basi, akazi apakomboni akululutira. Tereza adandiyang'ana kamodzi n'kubisa nkhope pamsana pa mayi ake. Sindidadandaule, ndidaona kuti makutu ndi anga.

Rozalina adalowa m'nyumba, adagwira khoma, adagwira chitseko, adachitseka n'kuchitsegulanso. Adatuluka, adayang'ana mtengo wa pichesi. Kenako adandifunsa motsitsa mawu:

"Bambo a Tereza, amene watipatsa nyumbayi ndani? Ndikathokoze ndisanakhale pansi."

Ndikadatha kunena kuti a Dona, kapena bwana, kapena atsibweni amene adali pomwepo akudikira kuti awatchule. Koma ine ndi pakamwa panga, ndidaloza kukhola, kumene Mgolo adali atatulutsa mutu pamwamba pa chitseko akutafuna udzu.

"Ndi awo."

Anthu adaseka. Rozalina sadaseke. Adakonza nsalu yake, adayenda mpaka pakhomo la khola, mwana ali kumbuyo, adagwada pansi monga amagwadira kwathu pamaso pa akulu, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, achimwene," adatero. "Mwatichotsa pamvula."

Kuseka kudakula, ena mpaka kugwirana mapewa. Mgolo adatsitsa mutu n'kumununkhiza duku. Rozalina adapitiriza kuomba m'manja, pang'onopang'ono, ndipo tidaona kuti mapewa ake akugwedezeka. Kuseka kudazima kokha. A Fausitino adavula chipewa. Palibe adamudzutsa, tidamuleka mpaka adamaliza.